Kusanja anthu potengera maonekedwe a thupi m'makanema a CCTV

Kusanja anthu potengera maonekedwe a thupi ndi njira yofufuzira munthu m'makanema ojambulidwa ndi makamera a CCTV pamene nkhope yake siikuoneka bwino. M'malo mofuna dzina la munthuyo, wofufuza kapena kompyuta amayang'ana zinthu zooneka patali: ngati ndi mwamuna kapena mkazi, wamtali kapena wamfupi, wonenepa kapena wochepa thupi, mwana kapena wachikulire, zovala zimene wavala, katundu amene wanyamula ndiponso kayendedwe kake. M'Chingerezi zizindikiro zotere amazitcha soft biometrics, pozisiyanitsa ndi zidindo za zala, DNA ndi maonekedwe a mkati mwa diso, zomwe zimaloza munthu mmodzi yekha.

Chizindikiro choonekera patali sichiloza munthu mmodzi. Chimangochepetsa gulu la anthu oti afufuzidwe, ndipo kuchuluka kwa otsala m'gulumo kumadalira dera limene kamera yaikidwa. Mawu akuti "mwamuna wakuda, wotalika pang'ono, wovala malaya ofiira" angakhudze anthu owerengeka mumsewu wa ku Helsinki, koma pa doko la Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, angakhudze asodzi ambirimbiri. N'chifukwa chake njirayi imathandiza poyamba kufufuza, koma imapweteketsa anthu osalakwa ikatengedwa ngati umboni wokwanira.

Zizindikiro zimene zimayang'anidwa

Zizindikiro zina sizisintha kapena zimasintha pang'onopang'ono, monga kutalika kwa munthu wamkulu, khungu, kukula kwa mapewa, zipsera, mphini ndi kutsimphina kobwera chifukwa cha ulumali. Zina zimasintha pakapita milungu kapena miyezi, monga tsitsi, ndevu ndi kunenepa. Zina zimasintha tsiku lomwelo: malaya, chipewa, duku, chikwama, ambulera, njinga. Chovuta n'chakuti zimene kamera imaona mosavuta ndi zomwe zimasintha msanga. Malaya ofiira amaoneka ngakhale munthu ali kutali, koma wakuba angawavule pokhota pangodya. Chipsera cha pachipumi chimakhala mpaka imfa, koma kamera yokhomedwa pamwamba pa khoma siichiona.

Kayendedwe kali pakatikati. Munthu aliyense ali ndi mapondedwe ake, ndipo abale amamuzindikira ali kutali nkhope isanaoneke. Akatswiri akhala akuyesa kuphunzitsa makompyuta luso lomweli, koma nsapato, katundu wolemera, matenda, kuledzera ndi malo oterera zimasintha kayendedwe ka munthu yemweyo.

Mbiri

Apolisi anayamba kusanja anthu ndi miyezo ya thupi makamera a kanema asanabwere. Alphonse Bertillon, kalaliki wa polisi ya mumzinda wa Paris ku France, anakonza njira yoyeza ziwalo za anthu omangidwa, ndipo inayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880. Ankayeza zinthu 11, kuphatikizapo kutalika kwa munthu, utali ndi ufupi wa mutu, khutu lakumanja, phazi lakumanzere ndi chala chapakati. Ankalembanso mtundu wa maso ndi zipsera. Makadi ankasanjidwa m'magulu a "chachikulu", "chapakati" ndi "chaching'ono", kotero kuti wapolisi ankafufuza m'kabati imodzi m'malo mwa mulu wonse. Ganizo lochepetsa gulu m'malo moloza munthu linayambira pamenepa.

Njirayi inagwa pamene zidindo za zala zinafala. Nkhani imene imatchulidwa kawirikawiri ndi ya mu 1903 ku ndende ya Leavenworth ku America, kumene mkaidi watsopano, Will West, anapezeka kuti miyezo yake ikufanana kwambiri ndi ya mkaidi wina amene anali kale m'ndendemo, William West. Zidindo za zala zawo zinali zosiyana. Olemba mbiri ena amati nkhaniyi inakometsedwa pambuyo pake ndi anthu ofuna kutamanda zidindo, koma phunziro lake linakhazikika m'mabuku a apolisi.

Kum'mwera kwa Africa, kulemba matupi a anthu kunayenda limodzi ndi ntchito za m'migodi ndi malamulo a zitupa. Edward Henry, amene anakonza njira yosanjira zidindo za zala ku India, anagwirako ntchito ku Johannesburg mu 1900 asanapite ku Scotland Yard. Amuna a ku Nyasaland amene ankalembedwa ndi Wenela ankapimidwa thupi, kukwezedwa pa sikelo ndi kudinda zala asanatumizidwe ku migodi, ndipo amene ankapita ku Southern Rhodesia ankayenera kuyenda ndi chitupa. Wolemba mbiri Keith Breckenridge, m'buku lake la mu 2014 lotchedwa Biometric State, anasonyeza kuti South Africa inali malo oyeserako njira zambiri zolembera matupi a anthu zomwe pambuyo pake zinafalikira m'maiko ena.

Mawu akuti soft biometrics anatchuka mu 2004 kudzera mu kafukufuku wa Anil Jain, Sarat Dass ndi Karthik Nandakumar a ku Michigan State University. Iwo anasonyeza kuti kudziwa kutalika kwa munthu, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndi fuko lake, kungathandize makina oyerekeza zidindo za zala kulakwitsa pang'ono. Cholinga chawo chinali kuthandizira chidindo, osati kuchilowa m'malo. Kenaka akatswiri a ku University of Southampton ku England, motsogozedwa ndi Mark Nixon, anatengera ganizoli ku makanema a CCTV. Mwa zina anapeza kuti mboni imanena zoona kwambiri ikamayerekeza anthu awiri, monga kuti "uyu ndi wamtali kuposa uja", kusiyana ndi ikamangoti "anali wamtali", chifukwa munthu wamfupi ndi wamtali samvana tanthauzo la mawu akuti wamtali.

Mmene makina amagwirira ntchito

Pulogalamu ya pakompyuta imayamba ndi kupeza munthu m'chithunzi ndi kumuzunguliza ndi kabokosi. Kenaka imapatsa kabokosiko mawu angapo, monga "mkazi", "wachikulire", "chovala chapamwamba choyera", "wanyamula chikwama", ndipo liwu lililonse limakhala ndi nambala yosonyeza kuti pulogalamuyo ikutsimikiza motani. Mawuwa amasungidwa pamodzi ndi nthawi ndi nambala ya kamera. Wofufuza safunikanso kuonera kanema wa maola 12. Amangolemba zizindikiro, ndipo makina amamubweretsera tizidutswa ta kanema momwe muli anthu ogwirizana nazo. Gawo lina, lotchedwa re-identification, limayesa kutsatira munthu yemweyo kuchoka pa kamera ina kupita pa ina. Makampani monga BriefCam, Avigilon, Hikvision ndi Dahua amagulitsa makina ochita zimenezi.

Chifukwa chachikulu chogwiritsira ntchito njirayi ndi kuchepa kwa timadontho ta chithunzi, tomwe timatchedwa ma pixel. Muyezo wa padziko lonse wa makamera achitetezo, IEC 62676-4, m'kope lake la mu 2014 unati pamafunika timadontho 25 pa mita imodzi kuti zidziwike kuti pali munthu, pafupifupi 63 kuti zovala ndi zochita zake zioneke, 125 kuti amene amamudziwa kale amuzindikire, ndi 250 kuti mlendo azindikirike mopanda chikaiko. Kamera imodzi yoyang'ana bwalo lonse la msika kapena depoti ya minibasi imapereka timadontho tochuluka kwa amene ali pafupi nayo basi. Ena onse amaoneka ngati tizithunzi ta zovala ndi misinkhu.

Mphamvu ndi kufooka kwa njirayi zimaoneka powerengera. Ngati pamsika pali anthu 1,000 ndipo theka ndi amuna, liwu loti "mwamuna" limasiya 500. Ngati mmodzi mwa atatu alionse angatchedwe wamtali, otsala ndi pafupifupi 170. Ngati mmodzi mwa khumi wavala zofiira, otsala ndi 17. Kwa wapolisi kuchoka pa 1,000 kufika pa 17 ndi phindu lalikulu. Koma mwa 17 amenewo, 16 sanalakwe chilichonse, ndipo ngati makina analakwitsa pa chizindikiro chimodzi chokha, wolakwayo mwina salinso m'gulumo.

Kumene makina amalakwitsa

Pulogalamu imadziwa zokhazo zimene inaphunzitsidwa. Zithunzi zambiri zophunzitsira makinawa zinajambulidwa ku China, ku America ndi ku Ulaya. Gulu la zithunzi lotchedwa PETA, la mu 2014, lili ndi zithunzi 19,000 za anthu oyenda pansi. Market-1501 inajambulidwa ndi makamera 6 kutsogolo kwa sitolo ya pa Tsinghua University ku Beijing, ndipo muli anthu 1,501. DukeMTMC inajambulidwa mu 2014 ndi makamera 8 pa Duke University ku America, ndipo inachotsedwa pa intaneti mu 2019 zitadziwika kuti ophunzira anajambulidwa osapemphedwa ndiponso kuti zithunzi zawo zinkagwiritsidwa ntchito ndi makampani opanga makina olondera anthu. M'malo ngati amenewa simudutsa mayi wobereka mwana kumbuyo atasenza dengu pamutu, kapena wakabaza atakweza matumba awiri a mpunga.

Khungu lakuda nalo limavutitsa makina ambiri. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu, a IBM, Microsoft ndi Face++, ongonena ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi. Anagwiritsa ntchito zithunzi 1,270 za aphungu a nyumba za malamulo za ku Rwanda, Senegal, South Africa, Iceland, Finland ndi Sweden. Pa amuna oyera, palibe pulogalamu imene inalakwitsa kupitirira 0.8 peresenti. Pa akazi akuda, kulakwitsa kunafika 34.7 peresenti. Zimenezi zinali zithunzi zowala bwino, za anthu oyang'ana kamera, osati kanema wa usiku. Mu Disembala 2019 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, litayesa mapulogalamu 189 oyerekeza nkhope, linapeza kuti ambiri amasokoneza anthu awiri osiyana kawirikawiri pamene nkhope zili za anthu a kumadzulo ndi kum'mawa kwa Africa kapena kum'mawa kwa Asia.

Usiku makamera ambiri amasinthira ku kuwala kwa infrared, ndipo chithunzi chimakhala chakuda ndi choyera. Mtundu wa chovala umatayika, ndipo nsalu ina yakuda imaoneka yoyera. Kutalika nako kumanamiza: kamera yoyang'ana kuchokera pamwamba imafupikitsa munthu, pomwe duku, chipewa kapena katundu wa pamutu zimamutalikitsa.

Ku Likangala ndi madera ozungulira nyanja ya Chilwa

Mtsinje wa Likangala umachokera m'phiri la Zomba, kudutsa mumzinda wa Zomba, n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Anthu a kumunsi kwake, m'dera la Mfumu Mwambo, amadalira ulimi wa mpunga, makamaka pa sikimu ya Likangala, ndi usodzi wa matemba, makumba ndi milamba. M'midzi imeneyi makamera a CCTV ndi osowa, popeza nyumba zambiri zilibe magetsi a ESCOM. Anthu a kuno amajambulidwa akapita mumzinda wa Zomba, m'mabanki, pa makina otapira ndalama, m'masitolo akuluakulu ndi pomwetsera mafuta. Kanema wina amene amawakhudza kwambiri ndi wa pa foni, wojambulidwa pakachitika zakuba kapena chipolowe n'kufalitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook. Kumeneko wosanja si kompyuta koma khamu la anthu, ndipo limagwiritsa ntchito zizindikiro zomwezo: msinkhu, khungu, malaya.

Derali likusonyeza bwino malire a njirayi. Choyamba, fuko la munthu silioneka pathupi. Anyanja, Ayao ndi Alhomwe akhala moyandikana ndi kukwatirana kuno kwa mibadwo ingapo, ndipo palibe kamera imene ingawasiyanitse. Magulu amene mapulogalamu akunja amagwiritsa ntchito, monga "wakuda", "woyera" ndi "wa ku Asia", amaika pafupifupi aliyense wa ku Likangala m'bokosi limodzi, choncho chizindikirocho sichichepetsa gulu ngakhale pang'ono.

Chachiwiri, anthu a m'mbali mwa nyanjayi amayendayenda. Asodzi ena amakhala milungu pa zimbowera pakati pa mabango, ena amachokera ku chilumba cha Chisi, ku Machinga, ku Phalombe kapena tsidya la Mozambique. Nyanja ikaphwa, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ambiri amasamukira kwina kukafuna ntchito. Nkhope yachilendo si chinthu chodabwitsa pa Kachulu kapena pa Jali, koma nthawi ya mantha mlendo ndi amene amayamba kulozedwa. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre, anthu angapo anaphedwa ndi makamu, ndipo kukhala wosadziwika m'dera kunali kokwanira kuti munthu akayikiridwe.

Chachitatu, ndipo chachikulu, zovala za ku Malawi zimalankhula. Kwa opanga makina, mtundu wa chovala ndi chizindikiro chosalakwira aliyense. Koma kuno nsalu ya buluu pa tsiku la msonkhano imanena za chipani cha DPP, yachikasu za UDF, yalalanje za PP, ndipo nsalu ya tambala wakuda imanena za MCP. Zoyera za amayi a Mvano, mkanjo, mzuli ndi hijabu zimanena za chipembedzo. Munthu amene angauze makina kuti amupezere onse ovala zachikasu pa tsiku lakuti, wasanja anthu mwa chipani ngakhale sanatchule chipani. Kulakwitsa nakonso n'kosavuta, chifukwa nsalu ya chipani imagawidwa kwaulere ndipo mayi angaiberekere mwana kwa zaka zambiri asakuvotera chipanicho, pomwe buluu wina ndi wa ochemerera Wanderers ndipo zofiira zina ndi za ochemerera Bullets. Zovala za kaunjika ndi majezi a matimu a ku Ulaya zimachititsanso kuti anyamata ambiri pamsika umodzi azioneka ofanana.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya anthu amene maonekedwe awo ndi osowa. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 134,636 a khungu lachialubino m'Malawi, osakwana mmodzi mwa anthu 100 alionse. Kwa iwo chizindikiro chimodzi chokha n'chokwanira kuloza munthu m'mudzi wonse, ndipo makina osanja mwa khungu angasonyeze njira imene amadutsa ndi nthawi imene amayenda yekha. Mu Juni 2016 bungwe la Amnesty International linalemba kuti anthu 18 achialubino anali ataphedwa m'Malawi kuyambira Novembala 2014, ndipo boma la Machinga, loyandikana ndi Zomba, linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Kanema yemweyo angathandize apolisi kupeza mwana wobedwa, kapena kuthandiza wachifwamba ngati wafika m'manja olakwika. Chimodzimodzi anthu olumala ndi a tsitsi lopota. Mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti kuletsa ana achirasta kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, zomwe zikusonyeza kuti tsitsi silinakhalepo nkhani yaing'ono m'dziko lino.

Amalawi a ku South Africa

Ena mwa Amalawi amene amakumana ndi makamera ochuluka ndi omwe ali ku Joni. Mu Epulo 2022 magazini ya MIT Technology Review inalemba kuti kampani ya Vumacam inali ndi makamera oposa 6,600, ndipo oposa 5,000 mwa iwo anali mu Johannesburg. Makampani a alonda amalipira kuti aziona makanemawo. Kampaniyo inati makamera ake amawerenga manambala a galimoto ndipo sayerekeza nkhope, koma makinawo ali ndi mapulogalamu monga iSentry omwe amaphunzira zimene zimachitika mumsewu nthawi zonse n'kuchenjeza mlonda pakachitika "zachilendo". M'madera a anthu olemera, kumene eni nyumba amayenda pa galimoto, woyenda pansi kapena woima pachipata nthawi zambiri ndi wantchito wa m'nyumba, wosamalira maluwa kapena wofuna ganyu. Mu 2019 wofufuza Michael Kwet analemba za lipoti lina la alonda momwe anthu 28 anatchedwa okayikitsa, ndipo onse anali akuda.

Kuweruza ndi maso kunalipo kale makinawa asanabwere. Lipoti la Human Rights Watch la mu 1998 lotchedwa Prohibited Persons linafotokoza mmene apolisi a ku South Africa ankagwirira anthu powaganizira kuti ndi obwera potengera kuda kwa khungu, katchulidwe ka mawu ndi malo amene pali chipsera cha katemera pamkono. Nzika za dzikolo zinkagwidwa nawo, zina mpaka kukafika ku Lindela, malo osungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Pa ziwawa zothamangitsa obwera mu Meyi 2008, anthu 62 anaphedwa, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali nzika ya South Africa.

Kusanja mwa fuko

Mkangano waukulu padziko lonse uli pa makina osanja anthu mwa khungu kapena fuko. Mu Sepitembala 2018 nyuzipepala ya The Intercept inaulula kuti IBM inagwiritsa ntchito makanema a apolisi a ku New York pokonza pulogalamu yofufuza anthu mwa khungu, mtundu wa tsitsi, zaka ndi ndevu. Apolisiwo anati sanagwiritse ntchito gawo la khungu pa ntchito yawo. Mu Disembala 2020 Washington Post ndi bungwe la IPVM anaulula chikalata chosonyeza kuti Huawei inayesa pamodzi ndi kampani ya Megvii makina ochenjeza apolisi akaona nkhope ya munthu wa fuko la Uyghur. Huawei inati kunali kungoyesa. Lamulo la European Union loyendetsera AI la mu 2024 linaletsa, kuyambira pa 2 Febuluwale 2025, makina ogwiritsa ntchito zizindikiro za thupi poganizira fuko, chipembedzo, maganizo a ndale kapena moyo wa kuchipinda wa munthu.

Makina olondera mizinda afikanso m'maiko oyandikana ndi Malawi. Zambia inagwirizana ndi kampani ya ZTE ya ku China pa ntchito ya Safe City ya ndalama zokwana madola 210 miliyoni, yomwe inaika makamera m'misewu ya Lusaka ndi mizinda ina, ndipo Zimbabwe inachita mgwirizano ndi kampani ya CloudWalk mu 2018.

Malamulo a ku Malawi

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limateteza ufulu wokhala ndi chinsinsi, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho potengera fuko, khungu, chipembedzo, ndale, ulumali ndi zina. Mu 2017 nthambi ya National Registration Bureau inalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, kutenga zithunzi ndi zidindo za zala zawo popanga ziphaso za unzika. Zimenezo ndi zizindikiro zoloza munthu mmodzi, ndipo n'zosiyana ndi zimene kamera ya mumsewu imaona. Lamulo la Data Protection Act la mu 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira mmene mabungwe ndi makampani amasungira mbiri za anthu, ndipo limafuna chisamaliro chapadera pa zinthu monga zizindikiro za thupi, fuko, chipembedzo ndi umoyo. Kanema woonetsa munthu wodziwika kapena wotheka kudziwika ndi mbali ya mbiri zoterozo.

Makhoti a ku Malawi anakambapo kale za kugwira munthu chifukwa cha mmene akuonekera. Mu Malichi 2015 Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa m'bandakucha mumzinda wa Blantyre akupita kukagulitsa malonda ake ku Limbe, ndipo anaimbidwa mlandu wa vakabu. Pa 10 Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, lomwe linkalola kumanga munthu wopezeka pamalo ndi nthawi zokayikitsa, likusemphana ndi malamulo aakulu, mwa zina chifukwa linkagwera kwambiri anthu osauka. Mu 2022 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamulanso kuti mchitidwe wa apolisi wosesa anthu mwachisawawa ndi wosaloledwa. Milandu iwiriyi sinali ya makamera, koma mfundo yake imakhudza makina amene amatulutsa mndandanda wa anthu ofanana ndi wokayikiridwa: kupezeka pa mndandandawo si chifukwa chokwanira chomangira munthu.

Pa umboni wozindikira munthu, makhoti a ku Malawi amatsatira malangizo a mlandu wa ku England wa R v Turnbull, wogamulidwa mu 1976. Woweruza amayenera kukumbukira kuti mboni yonena moona mtima ingalakwitse, ndipo amafunsa kuti inamuona munthuyo kwa nthawi yaitali bwanji, ali patali bwanji, kukuwala motani, ngati panali chotchinga, ndiponso ngati inkamudziwa kale. Mafunso omwewa amagwira ntchito pa kanema: kamera inali patali bwanji, inali usiku kapena masana, nthawi yolembedwa pachithunzi inali yolondola kapena ayi, ndipo ndani anasunga kanemayo asanafike kukhoti. Makina ambiri osungira makanema amafufuta okha zakale pakapita masiku kapena milungu yochepa kuti apeze malo a zatsopano, kotero wodandaula kapena woimbidwa mlandu amene akufuna kanema wa pa sitolo kapena pa banki amayenera kupempha, kudzera kwa apolisi kapena loya, kuti asungidwe nthawi imeneyo isanathe.